Waya Wakuda

Kanayamba Lachiwiri, pa maloboti a pa Machipisa,
kaphokoso kowonda ngati udzudzu wotsekeredwa m'botolo,
kochokera m'chitseko cha kumanzere.
Ndikaponda mafuta, kakwera.
Ndikachotsa phazi, katsika.
Ndinachepetsa wailesi mpaka wowerenga nkhani anatseka pakamwa,
koma iko kanapitiriza kokha.

Datsun iyi ndi mkulu wanga.
Bambo anaigula chaka chomwe analeka kunena kuti
Khirisimasi ikubwerayi tikadyera ku Ntcheu.
Anandisiyira ndi kiyi mmodzi, jeke wopindika
ndi makaseti asanu ndi awiri opanda mayina.

Ku Gazaland, Chenjerai anagunditsa khutu pachitseko,
nati sipika yang'ambika, madola khumi ndi asanu.
Tinasintha.
Yatsopanoyo inalira kulira komweko,
momveka bwino ndithu, poti ndi yatsopano.
Wina anati ndi mapulagi.
Wina, chimanga chootcha chili kukamwa, anati batire.
Mayi wogulitsa mabawuti sanadzutse n'komwe mutu:
galimoto ya malemu, anatero, simaifunsa zambiri.

Loweruka ndinaiimika pansi pa mtengo wa mapeyala ku Mufakose,
Tiyanjane pampando woyendetsera, chala chaphazi chikungofika,
ine chagada, mutu pansi pa chiwongolero,
fumbi likugwera m'maso.
Ponda. Kalira.
Siya. Kang'ung'udza.
Ndinazula waya wa mlongoti, kalipo.
Ndinachotsa fyuzi ya nyali, kalipo.
Zimitsa injini. Zii.
Apo ndinadziwa kuti takhala tikulanga pakamwa
pamene nthenda ili m'mitsempha.

Wofiira ndinamupeza wolimba. Wachikasu naye.
Ndinatsata wakuda, chala ndi chala,
kulowa kunsi kwa kapeti wonunkha mvula za zaka makumi atatu.
M'njiramo munali tikiti ya basi yofufutika,
chipeso cha mano anayi,
ndi ndalama yachitsulo yomwe inasiya kalekale kugula kanthu
m'dziko lino.

Kumapeto kwake, bawuti yodyeka ndi dzimbiri,
waya atangogwira ndi timaulusi tiwiri,
ndipo chapafupi, mfundo.
Osati tepi ayi: pulasitiki ya buledi,
yozunguliza kawiri, n'kubwerera, n'kupisa kunsi,
mmene ankamangira matumba a shuga ndi sopo
opatsira aliyense wokwera basi ya ku Nyamapanda.

Ndinakhala kaye pansi, msana pa tayala.
Tiyanjane anafunsa m'Chishona ngati ndadzicheka.
Ndinamuyankha m'Chichewa kuti ayi.
Anamva, monga amamvera nthawi zonse,
koma kubweza sabweza.

Kenako sandipepa.
Ndinapala mpaka chitsulo chinaonetsa mano oyera,
ndinasenda waya, ndinapota, ndinamanga ndi sipanala ya teni.
Liza.
Injini inatsokomola, inagwira.
Ponda. Pondanso, usaope.
Kunalibe kanthu, koma injini yokha
ndi tambala wa kwa aneba wosadziwa nthawi.

Nditamufotokozera Chenjerai, anaseka, madola anga ali kale m'mimba.
Ethi, mudhara, anatero akupukuta manja.
Magetsi sangopita ayi, amafuna pobwerera.
Akapasowa amadutsa paliponse,
ndiye mumawamva akulira.

Sindinamuyankhe.

Mfundo ija sindinaimasule.
Ndinaidula ndi waya wake womwe,
ili m'kabokosi ka phulusa la fodya, pamodzi ndi chipeso.
Tsopano wowerenga nkhani amamveka mbee,
mitengo ya zinthu, maliro, mpira,
palibe chomuphimba.
Dzulo pa Machipisa pomwe paja ndinadzipeza nditazimitsa wailesi,
ndikuponda mafuta pang'ono, giya ili pakati,
khutu nditapendekera kumanzere,
mpaka wa kombi kumbuyo anandiimbira hutala
kuti kwabiriwira kale.